Denga latsopano, nyumba yopanda ana: nkhani ya alimi a ku South Korea

Lero sitilowa m'munda wathu wophunzirira. Sabata yatha tili pa kawuniwuni wa mbewu tinachedwa kumaliza chifukwa magulu awiri analibe anthu okwanira, ndipo mayi wina anadandaula kuti anyamata amene tinayamba nawo sukulu ino ambiri ali m'tauni kapena ku Joni. Bambo wina anayankha kuti chitukuko chimayenda choncho, onani ku Korea. Ndiye ndati tiyione Koreayo. Koma tiyionera kumudzi, osati pa mafoni a Samsung kapena magalimoto a Hyundai ndi Kia amene amatidutsa mumsewu.

Ndikunena South Korea, poti ma Korea alipo awiri. Dzikoli kukula kwake silisiyana kwenikweni ndi Malawi, koma mbali yaikulu ndi mapiri, ndipo lero muli anthu oposa 51 miliyoni. Nkhondo yawo italeka mu 1953 anali amphawi otheratu. Nawonso anali ndi miyezi yawo ya njala ngati Januwale ndi Febuluwale wathu: mpunga wa chaka chatha watha, barele asanache, anthu n'kumakumba mizu ndi kusenda makungwa a mitengo. Nthawi imeneyi ankaitcha borigogae, kutanthauza chitunda cha barele, ndipo nkhalamba za kumeneko zimaikumbukabe.

Chinthu chimodzi anali atachikonza kale, ndipo tisachiiwale. Poyamba alimi ambiri anali matenanti, olima munda wa mwini wake n'kumapereka pafupifupi theka la zokolola. Mu 1950 boma linagawanso minda. Banja silinkaloledwa kukhala ndi malo oposa mahekitala atatu, ndipo tenanti ankagula munda umene ankalima polipira zokolola za chaka chimodzi ndi theka, pang'onopang'ono kwa zaka zisanu. Choncho mudzi umene tikukamba unali wa alimi ang'onoang'ono ngati ife, aliyense ndi kamunda kake ka hekitala imodzi kapena kuchepera.

Mu 1961 msilikali wina, Park Chung-hee, analanda boma. Chaka chotsatira anayamba mapulani a zaka zisanuzisanu omanga mafakitale opanga katundu wogulitsa kunja: zovala, nsapato, tsitsi lovala, kenako zitsulo, sitima zapamadzi ndi magalimoto. Tsono mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kuti malaya a ku Korea atchipe pa msika wa kunja, wosoka ankayenera kulandira malipiro ochepa. Kuti wosokayo akhale ndi moyo pa malipiro ochepawo, chakudya m'tauni chinkayenera kutchipa. Nanga chakudya chimatchipa bwanji? Boma linkagula mpunga kwa alimi pa mtengo wotsika, zaka zina wosabweza n'komwe zimene mlimi analowetsa, ndipo tirigu wa thandizo wochokera ku America ankabwera wambirimbiri n'kugwetsanso mitengo. Ndiye mtengo wotsikawo unagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Unadyetsa wantchito wa m'fakitale motchipa, ndipo unathamangitsa mwana wa mlimi pakhomo kuti akakhale wantchito wotchipayo. Mlimi analipira kawiri, ndi mpunga wake komanso ndi ana ake.

Ana ananyamukadi. Mu 1960 mumzinda wa Seoul munali anthu 2.4 miliyoni. Mu 1970 anafika 5.5 miliyoni, ndipo mu 1990 anapitirira 10 miliyoni. Mu 1960 anthu 28 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankakhala m'matauni, lero ndi oposa 80. Anthu a m'mabanja a alimi anali 14.4 miliyoni mu 1970, koma mu 2023 anatsala 2.1 miliyoni basi. Zimene mayiko a ku Ulaya anazichita pa zaka zoposa 100, iwo anazichita munthu mmodzi asanakalambe. Chigawo cha Jeolla, chimene ndi nkhokwe yawo ya mpunga, chinataya anthu kwambiri, chifukwa mafakitale akuluakulu anawamanga ku Seoul ndi kummwera chakummawa, ku Ulsan ndi ku Pohang.

Ambiri mwa oyamba kuchoka anali atsikana, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Banja likakhala ndi ana asanu ndi kamunda kamodzi, linkasankha woti aphunzire, ndipo wosankhidwayo ankakhala mwana wamwamuna. Mtsikana akamaliza pulayimale, mwinanso asanamalize, ankakwera sitima kupita ku Seoul. Ena anakhala antchito a m'nyumba olipidwa chakudya ndi pogona pokha, ena makondakitala a mabasi, ena analowa m'mafakitale a ku Guro. Pa msika wa zovala wa Pyeonghwa, atsikana a zaka 13, 14 ndi 15 ankagwira ntchito maola 14 kapena kuposa pa tsiku, m'tizipinda ta m'mwamba toti munthu sangaimirire n'kuwongoka, akupuma fumbi la nsalu mpaka ena kumatsokomola magazi. Ndalama yochepa imene ankapeza ankaitumiza kumudzi kuti mlongo wawo alipirire sukulu. Makolo nawo ankagulitsa ng'ombe yolimira pa chifukwa chomwecho, moti anthu anapatsa mayunivesite dzina lachipongwe loti ugoltap, nsanja ya mafupa a ng'ombe. Mwana wophunzira ndi ng'ombe ija sanabwererenso kumudzi. Taganizani: mudzi unalera mwana, unamudyetsa, unamulipirira sukulu, ndipo tsiku limene anayamba kupindulitsa, phindu lake linali la tauni.

Pa msika womwewo panali mnyamata wodula nsalu dzina lake Jeon Tae-il. Ankati akaona tiatsikana tija tili ndi njala, ankatigulira timikate ndi ndalama yake ya basi, iye n'kuyenda wapansi mtunda wautali kupita kwawo. Anadandaula ku maofesi a boma kuti lamulo la ntchito lilipo koma palibe akulitsatira, osamveka. Pa 13 Novembala 1970 anadziyatsa moto pa msikapo, ali ndi zaka 22. Mabungwe a antchito a ku Korea amamukumbukira mpaka lero.

Pogona napo panali pa mavuto. Obwera kuchokera kumudzi anamanga zisakasa za matabwa m'mbali mwa mtsinje wa Cheonggyecheon ndi m'mapiri ozungulira Seoul. M'nyengo yozizira ankawotha makala a miyala, ndipo mpweya wake unkapha mabanja ali m'tulo. Boma litafuna kuyeretsa mzinda linagwetsa zisakasazo n'kutaya anthu oposa 100,000 kumalo opanda madzi okwanira, zimbudzi kapena ntchito, kumene lero kuli mzinda wa Seongnam. Mu Ogasiti 1971 anthuwo anaukira.

Boma linaona kuti midzi yatsalira ndipo alimi ayamba kulitaya. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 linayamba kukweza mtengo wogulira mpunga, ndipo mu 1970 linayambitsa Saemaul Undong, ntchito ya mudzi watsopano, imene mwina ena munaimvapo chifukwa aku Korea amaiphunzitsa m'mayiko ambiri a mu Africa. Mudzi uliwonse mwa midzi 33,267 unalandira matumba a simenti 335 kuti anthu amangire zimene agwirizana. Midzi pafupifupi theka imene inachita bwino inalandiranso matumba 500 ndi tani imodzi ya zitsulo. Anthu anakulitsa misewu, anamanga milatho, zitsime ndi nyumba za misonkhano, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi magetsi. Zimenezi sindikuzinyoza ayi. Amene anasenzapo thumba pamutu chifukwa ngolo siingafike pakhomo amadziwa kufunika kwa msewu.

Koma walira mvula walira matope. Ofesala aliyense anapatsidwa chiwerengero choti akwanitse, ndiye mlimi wokana kusasula denga la udzu ankakakamizidwa, ena mpaka kutenga ngongole. Madenga ambiri atsopanowo anali a mapepala a simenti osakaniza ndi asibesitosi, amene fumbi lake limayambitsa khansa, ndipo lero boma likulipira ndalama zowachotsera. Chachikulu n'chakuti anthu sanasiye kuchoka. Msewu umene anaukulitsa ndi manja awo ndi womwewo umene basi inadzera kudzatenga ana otsala.

Nkhani ya mbewu itikhudza kwambiri ife a sukulu ya m'munda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 akatswiri awo, mothandizana ndi bungwe la IRRI la ku Philippines, anatulutsa mpunga wa Tongil. Unkabereka kwambiri, ndipo mu 1977 dziko linakolola mpunga wokwanira kudzidyetsa lokha. Ulemu wake tiupereke, ndipo mitundu ya Makafaci ndi Kachangu imene inatulutsidwa kuno kwathu ndi ya mtundu womwewo. Vuto linali kafalitsidwe kake. Alimi ambiri sankaufuna chifukwa ogula sankakonda kakomedwe kake, mapesi ake anali aafupi osathandiza pa zingwe ndi chakudya cha ng'ombe, unkafuna feteleza ndi mankhwala ambiri, komanso sunkapirira kuzizira. M'malo mokhala pansi ndi alimi, alangizi ndi maofesala ena ankalowa m'munda n'kupondaponda nazale za mpunga wamakolo. Mu 1978 matenda a chiwawu anagwira mitundu yatsopanoyo. Mu 1980 kunazizira nthawi yolima, ndipo zokolola za mpunga m'dziko lonse zinatsika ndi kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene anatsala ndi ngongole ya feteleza sanali ofesala uja. N'chifukwa chake pano timayesa mbewu yatsopano pa mizere ingapo pambali pa yathu, tione tokha kaye.

Imvaninso za mbatata. Mu 1976, m'boma la Hampyeong, kopaletivi yaikulu ya alimi yotchedwa Nonghyup inalonjeza kugula mbatata yonse pa mtengo wabwino. Alimi anakaniza mavenda, anakumba mbatata n'kuiunjika m'mbali mwa misewu kudikira galimoto. Kopaletiviyo inagula yochepa, yotsalayo inawolera pomwepo. Dzina linali la alimi, koma akuluakulu ake nthawi imeneyo ankaikidwa ndi boma, ndiye ankaopa wowaika, osati mlimi. Alimiwo, mothandizidwa ndi bungwe la alimi a Chikatolika, analemba zimene aliyense anataya ndipo analondola nkhaniyo pafupifupi zaka ziwiri, mpaka kunyanyala kudya pa tchalitchi mumzinda wa Gwangju mu 1978. Analandira chipukuta misozi cha ndalama za kwawo zokwana 3.09 miliyoni. Sinali ndalama yambiri, koma alimi a dziko lonse anaona kuti boma la asilikali nalo limagonja kwa anthu osunga malekodi ndi osagawanika. Mlembi wathu, ukamalemba m'buku lija usamaone ngati chilango.

Zangati zomwezo zinachitikanso ndi ng'ombe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 boma linalimbikitsa alimi kutenga ngongole zogulira ana a ng'ombe, kwinaku likuitanitsa ng'ombe ndi nyama kuchokera kunja. Mitengo inagwa, ndipo mu 1985 alimi anakusa ng'ombe zawo kupita nazo pa zionetsero. Misika itatsegulidwa kwambiri kwa katundu wa kunja, mlimi wa ng'ombe wa ku Jangsu, Lee Kyung-hae, amenenso anatsogolerapo bungwe la alimi, anadzipha pa zionetsero zotsutsa msonkhano wa WTO ku Cancún, m'dziko la Mexico, pa 10 Seputembala 2003.

Tibwerere m'mudzi muja tione amene anatsala. Kale aku Korea anali ndi dure, gulu la mudzi wonse lowokera ndi kupalira mpunga pamodzi ng'oma zikulira, ngati dima lathu. Analinso ndi pumasi, kubwerekana manja: lero kwa ine, mawa kwa iwe. Manja atachepa, dure anatha. M'malo mwake munalowa makina ndi mankhwala opha udzu, ndipo zonsezo n'zogula, kawirikawiri pa ngongole. Chimene chinatayika si kupalira kokha. Gulu lowokera mpunga ndi lomwelo linkanyamula maliro, kukonza ngalande ndi kulimira mayi wamasiye. Ntchito ya kumunda yambiri inagwera amayi ndi nkhalamba.

Mwana wamwamuna amene anatsala kusamala makolo ndi munda anasowa mkazi, poti atsikana onse anali m'tauni, ndipo amayi a kumudzi eni ake sankafuna mwana wawo wamkazi akwatiwe ndi mlimi. Amuna ankafika zaka 40 ali osakwatira. Kenako kunabadwa makampani opezera anthu akazi kunja, ku China, ku Vietnam, ku Philippines ndi ku Cambodia, ndipo maboma ena ang'onoang'ono ankathandiza ndi ndalama. Mu 2006, mwa alimi ndi asodzi aamuna khumi aliwonse amene anakwatira, anayi anakwatira mkazi wochokera kunja. Mtsikana ankafika pakhomo pa mwamuna womuposa ndi zaka zambiri, amene anangomuona masiku ochepa, chilankhulo osachidziwa, apongozi ali pomwepo. Ena anazunzidwa, ena anathawa. Enanso anakhazikika, ndipo lero ndiwo agwiriziza midzi ina, ana awo ndiwo atsala m'makalasi.

Makalasiwo ndi ochepa. Kuchokera mu 1982 sukulu pafupifupi 4,000 zatsekedwa, zambiri za kumidzi, zina zomangidwa pa malo amene anthu a m'mudzi anapereka okha. Mu 2019 sukulu ina ya pulayimale m'boma la Gangjin itasowa ana olembetsa, inalemba agogo aakazi osadziwa kuwerenga kuti ayambe sitandade 1. Nkhaniyi imasangalatsa ukangoimva, koma kumbukirani kuti agogo amenewa ndi a m'badwo wa atsikana aja amene sanapatsidwe mpata wa sukulu ali ana. Sukulu ikatsekedwa, banja lachinyamata lotsala limasamuka. Likasamuka, basi imachepetsa maulendo, sitolo imatseka, chipatala cha amayi oyembekezera chimakhala kutali. Mu 2021 boma linatchula madera 89 kuti anthu akutha.

Mu 2023 mabanja a alimi anatsika kufika pansi pa 1 miliyoni kwa nthawi yoyamba, ndipo oposa theka la anthu a m'mabanjawo anali a zaka 65 kapena kuposa. Makolo amenewa anaika chuma chawo chonse pa ana, poganiza kuti ana adzawasunga monga mwa mwambo. Koma ana ali m'tinyumba ta m'mwamba ku Seoul, akulimbana ndi lendi ndi fizi za ana awo. Penshoni ya boma inayamba mu 1988 ndipo inafika kwa alimi mu 1995, ambiri atakalamba kale. Lero pafupifupi anthu okalamba anayi mwa khumi aliwonse ku Korea amawerengedwa kuti ndi osauka, m'dziko limene lili pa gulu la mayiko olemera. Ana amabwera pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok, misewu n'kudzaza magalimoto, pakatha masiku awiri kapena atatu mudzi n'kubwerera zii. Ngakhale kulambula kumanda a makolo, mabanja ambiri tsopano amalipira aganyu.

Pali chinthu china chowawa chimene sindingachilumphe, chifukwa chili m'nyumba zathu. Nkhalamba zambiri za kumidzi, zitatopa ndi kusungulumwa, matenda ndi ngongole, zinadzipha pomwa mankhwala a kumunda, makamaka opha udzu otchedwa paraquat. Boma linaletsa mankhwalawa mu 2011 ndi 2012, ndipo pa zaka ziwiri imfa zomwa mankhwala a kumunda zinatsika ndi pafupifupi theka. Munthu akakhala pa maganizo oipa, nthawi zambiri ndi a kanthawi, ndipo botolo likakhala kutali amapulumuka. Chonde, mankhwala tiziwatsekera ndi loko kunja kwa nyumba yogona, otsala tisamasunge pansi pa bedi, ndipo mnzathu akasiya kubwera ku gulu tizipita kukamuona.

Nanga minda akulima ndani? Mpunga amalima ndi makina. Masamba ndi zipatso zimafuna manja, ndipo manjawo akuchokera ku Cambodia, Nepal, Vietnam ndi Thailand. Mu Disembala 2020 mayi wina wa ku Cambodia anapezeka atamwalira ku Pocheon, m'chipinda chogona chomangidwa m'kati mwa nyumba ya pulasitiki yolimamo masamba, usiku wozizira koopsa. Zimene atsikana a ku Jeolla anaziona ku Seoul, ana a alimi a mayiko ena akuzionera m'midzi ya ku Korea.

Wina andifunsa kuti, ndiye akanangokhala osamanga mafakitale? Ayi, sindikutero. Kamunda ka hekitala imodzi sikakanasunga ana asanu ndi zidzukulu zawo, ndipo palibe nkhalamba ya ku Korea imene ikufuna kubwerera ku chitunda cha barele chija. Mlimi wa kumeneko lero ali ndi magetsi, madzi a m'mpopi, inshulansi ya chipatala ndi thalakitala. Chimene ine ndikuona n'chakuti mtengo wa mpunga, mbewu yobzala, mtundu wa denga ndi malo omanga fakitale, zonse ankagamula anthu ena kutali, ndipo pamene boma linayamba kuthira ndalama zambiri kumidzi, oti azilandire anali atapita. Palinso kusiyana kumodzi kumene kumandisowetsa tulo. Mwana wa ku Korea ankati akatsika sitima, fakitale inalipo, ngakhale yankhanza. Wathu akatsika basi ku Lilongwe kapena ku Limbe, nthawi zambiri chimene chikumudikira ndi ganyu, kabaza kapena kugulitsa mayunitsi.

Alimi ena kumeneko sanadikire boma. Mu 1986 Park Jae-il, amene anagwirapo ntchito ndi magulu a alimi ku Wonju, anatsegula kasitolo ka mpunga ku Seoul, kogulitsa zokolola za alimi olima popanda mankhwala. Kasitolo kameneko kanakula n'kukhala kopaletivi ya Hansalim, imene lero ili ndi mabanja mazanamazana a masauzande. Kachitidwe kawo n'kakuti alimi ndi ogula a m'tauni amakumana n'kugwirizana mtengo wa mpunga ndi kuchuluka kwake, ndipo mlimi amalowa m'munda akudziwa amene adzagule. Ogula ambiriwo ndi ana ndi zidzukulu za anthu aja anakwera sitima.

Tsopano ntchito ya sabata ino. Gulu lililonse litenge pepala lalikulu lijambule mbali yake ya mudzi, nyumba ndi nyumba. Pa khomo lililonse mulembe anthu a zaka 15 mpaka 35 amene anabadwira pamenepo, angati alipo, angati anachoka, anapita kuti, ndipo munda umene akanalima akulima ndani. Mayina musalembe, manambala okha. Mufunsenso achinyamata awiri kapena atatu amene adakali m'mudzi muno, osati pamaso pa makolo awo, kuti ndi mbewu iti, msika uti kapena malo otani amene angawachititse kukhala, ndipo mulembe zimene anena ngakhale zikhale zotiwawa ife akuluakulu. Mapepalawo mubwere nawo Lachinayi, tidzayamba ndi amenewo tisanalowe m'munda.